Mchere pa Chikopa cha Vumbwe

Vumbwe anafera m'khola la nkhuku la a Hawkins Lachiwiri m'mawa, ndipo tsiku limenelo ababa anayankhula ngati munthu wamoyo kwa nthawi yoyamba m'miyezi inayi.

Ndiyambe ndafotokoza za ababawo. Dzina lawo ndi a Maxon, ndipo ku Manje kumene ankakhala ankadziwika ndi gule wa tchopa. Ali mnyamata kwawo ku Phalombe ankatchera nyama m'phiri, kusenda okha, kufufuta okha zikopa. Atabwera m'tauni n'kuyamba ulonda misampha anaisiya, koma zikopa anabwera nazo: cha gwape, cha njuzi, ziwiri za anyani, ndi tina ting'onoting'ono tambirimbiri. Ankazimangirira kumsana akamavina, moti munthu wochepa thupi ngati iwowo ankaoneka ngati wasenza tchire lonse. Amayi anga, a Ida, ankakonda kunena kuti iwo anakwatiwa ndi zikopazo, mwamunayo anangobwera ngati basela.

Matope a namondwe Freddy atatsika m'phiri, ababa anali ku ntchito. Pobwera anapeza pamene panali nyumba pali miyala ikuluikulu. Tinakumba masiku asanu ndi anayi, amayi osawapeza. Zikopa nazo zinapita nawo limodzi.

Ndinawatenga ababa kudzakhala nane ku Chilomoni, poti mwamuna wanga ali ku Joni ndipo malo analipo. Patapita mwezi, achimwene anga a Chancy anabwera kuchokera ku Bangwe ndi akuluakulu awiri a kwathu. Anafotokoza zimene aliyense akudziwa, kuti mtembo ukapanda kupezeka anthu amaika m'manda thunthu la nthochi, maliro n'kutha, anthu n'kumeta. Mabanja ena a ku Manje anali atachita kale zimenezo. A Chancy anawonjezera kuti nthochi imene amayi anabzala kumunsi kwa puloti yaphukanso m'matope momwemo, ndiye ngakhale yogula sikufunika.

"Mkazi wanga si nthochi," anatero ababa.

Akuluakuluwo atawapanikiza, ababa anati iwo sangaperekeze a Ida kumanda osawavinira, ndipo sangavine msana uli pamtunda ngati wa mwana wasukulu. Chikopa chikapezeka tidzakambirana. A Chancy anabweretsa cha mbuzi, ababa anati mbuzi si nyama ya m'tchire. Anakagula china ku Ndirande kwa anthu ogulitsa zitsamba, ababa anangochinunkhiza n'kuchikankhira kumbali. Ankafuna chosenda okha. Mu Blantyre muno, kumene ngakhale mbewa zikusowa pobisala!

Chinanso chinali mchere. Ababa anati m'nyumba ya maliro sadya mchere mpaka ataika. Akuluakuluwo anavomera kuti mwambo wotero ulipo ndithu kwa ena, koma ndi wa masiku awiri kapena atatu, osati wa chaka. Ababa sanamve. Zaka makumi anayi mchere wa m'ndiwo zawo ankathira ndi amayi okha, ndipo tsopano sankafuna wa wina aliyense. Ndinayesa kuphika zopanda mchere, koma ndani angadye bonya wopanda mchere miyezi khumi ndi umodzi? Ankangolawa n'kusiya. Kenako anatsala ndi phala, masupuni atatu, ndi tiyi. Lamba tinaboola mabowo ena awiri. Miyendo inayamba kutupa, mawu n'kumachepa mpaka anatheratu.

Azimayi a pampopi, amene sasowa chonena, anayamba kunong'onezana kuti nkhalamba ikatupa miyendo n'kumatsokomola ndiye kuti ndi tsempho, ndipo tsempho sabwera yekha m'nyumba ya mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni. Ndinkawamva. Ndinalibe mphamvu yotukwanizana nawo, chifukwa ine ndinkaona bambo anga akufa pang'onopang'ono pampando wanga womwe, ine ndili ndi chakudya m'manja.

Ndiye Lachiwiri lija. A Hawkins, oyandikana nawo nyumba, anali ataluza nkhuku zisanu, ndipo anatchera waya pabowo la khola. M'mawa anapeza vumbwe wochokera ku Michiru atakodwa pakhosi, atafa kale. Anamukokera panja, anthu n'kuunjikana, iwo n'kutenga chikwanje kuti amalize mkwiyo wawo pa nyama yakufa kale.

"Musateme. Muononga chikopa."

Tonse tinatembenuka. Ababa anali ataima pakona ya nyumba, atagwira khoma, opanda nsapato. Munthu amene kubafa ndinkachita kumugwirizira anali atayenda yekha kuchokera kuchipinda. A Hawkins anatsitsa chikwanje, n'kunena kuti ngati madala akumufuna amutenge, iwo amafuna akamuponye m'chimbudzi.

Ababa anaitanitsa mpeni ndi mwala wonolera. Ananola bwinobwino, koma atagwira mwendo wa vumbweyo dzanja linanjenjemera mpaka mpeni unagwa. Anautola, unagwanso. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Oli, gwira mpeni."

Ine Olivia, wogulitsa kaunjika, amene nyama yaikulu imene ndinasendapo ndi nkhuku. Kwathu akazi sasenda nyama ya m'tchire, ndipo ababa ndi amene ankalimbikira lamulo limenelo kuposa aliyense. Koma ndinagwira. Akanandiuza kuti ndisende fisi ndi mano ndikanasenda.

Tinamupachika miyendo yakumbuyo pa nthambi ya mpeyala. Ababa anakhala pa chidebe n'kumandiuza chochita. Ndicheke kuyambira pachidendene china, kudutsa kunsi kwa mchira, mpaka pachidendene chinacho, nsonga ya mpeni ikuyang'ana kumwamba kuti isadule ubweya. Ndikatero ndisiye mpeni, ndigwiritse chala chachikulu, chifukwa mpeni ndi umene umaboola chikopa, chala sichiboola. Ndinakankha chala pakati pa chikopa ndi mnofu, chikopa n'kumatsika ngati juzi yothina ukamamuvula mwana. Pamchira anandipatsa kamtengo kong'amba pakati, ndinapanira fupa la mchira n'kukoka, fupalo linasolokamo lonse. Ababa anagwedeza mutu, ndipo ine mtima unadumpha ngati ndakhoza mayeso.

Kumutu n'kumene kunavuta. Makutu amafunika kudulira pafupi ndi chigaza, maso kuzungulira pang'onopang'ono kuti zikope zitsale pachikopa, milomo chimodzimodzi. Padiso lamanzere ndinaphonya pang'ono, kabowo n'kukula. Ababa anandikalipira kuti ndili ndi manja a munthu wodula kabichi. Sindinasangalalepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo.

Tinaching'amba pamimba kuti chiyalike, n'kuchikhomera ndi timisomali pa chitseko chakale, ubweya pansi. Ndinapala mafuta ndi timinofu ndi supuni mpaka mkono kuwawa. Phulusa anati la makala ayi, likhale la nkhuni, ndiye ndinakapempha kwa mayi wina wokazinga mandasi. Ababa anagwada okha n'kupaka phulusalo ndi chikhato, akung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe imene ndinali nditaiwala kuti ilipo. Kanali kachikopa kochepa, kotuwa, kamizeremizere, kosakwana n'komwe kuphimba msana.

"N'chochepa," anatero, "koma n'chikopa. Chikauma, ndikachifufuta, umuitane Chancy."

Masana amenewo anamaliza mbale yonse ya phala, lopanda mchere ndithu, n'kupempha tiyi wina. Ine ndinapita kuseri kwa bafa kukalira, kuti asandione.

Chimwemwecho chinakhala tsiku limodzi. Lachitatu m'mawa ababa anatuluka kukaona chikopa chawo pakhonde, anawerama, n'kugwa chafufumimba. A Hawkins anatulutsa galimoto. Tikuwanyamula anatsegula maso n'kundigwira pamkono, ndipo ndinaganiza kuti akufuna kutsanzika.

"Phulusa lokha," anatero. "Dzuwa ayi, moto ayi. Mchere usayerekeze."

Lamulo limenelo ndinalimva kuyambira ndili mwana. Dzuwa ndi moto zimapsereza chikopa, chimauma ngati katoni n'kumathetheka. Mchere ndiye unali tchimo lenileni. Ababa ankati chikopa cha mchere chimatuluka thukuta nyengo ya mvula, ndipo chikopa chovinira ndi cha makolo, makolowo salandira za mchere. Ankanyoza anthu a m'mabutchala kuti amathira mchere chifukwa alibe luso.

Kuchipatala anawagoneka, n'kuwaika diripi. Dokotala anatiuza mosabisa kuti magazi achepa, thupi latha, ndipo diripi ingowagwirizira masiku ochepa. Ngati munthuyu sayamba kudya ngati munthu, tikonzekere. A Chancy anafunsa namwino kuti m'botolomo muli chiyani, iye anati madzi amchere. Tinayang'anizana. Ababa atafunsa, a Chancy anati ndi madzi a shuga, nkhope ili gwa ngati mkulu wa mpingo.

Tsiku lomwelo mvumbi unayamba. Mvula yosalekeza, yopanda bingu, ya mtundu womwe uja imene inagwa Freddy asanagumule phiri. Zovala sizinkauma, machesi sankayaka, makoma ankatuluka madzi. A Chancy ndiwo ankagona kuchipatala, ine ndinkapita m'mawa ndi masana ndi phala. Ndikangolowa m'wodi, ababa moni ayi, funso linali limodzi: chauma? Ndinkati chikuuma. Ankamwa masupuni angapo, n'kutembenukira kukhoma.

Chinali chisakuuma. Phulusa linasanduka phala lakuda. Ndinalipala n'kupaka lina, nalonso linanyowa. Ndinalowetsa chitsekocho m'nyumba, ndinachikupiza ndi katoni mpaka mapewa kuuma, ndinachiimika pafupi ndi windo. Lachisanu m'mawa nditatsegula chipinda, fungo linandilandira pakhomo. Ntchentche zazikulu zobiriwira zinali zitapeza kale njira. Ndinazula timisomali tiwiri, n'kugwira ubweya wa m'mphepete mwa mimba kuti ndione. Unatsalira m'zala zanga.

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinachita mantha amene sindinachitepo ngakhale tsiku limene tinkakumba ku Manje, chifukwa ku Manje kunalibe chimene ndikanachita, koma apa zonse zinali m'manja mwanga. Chikopa chikaola, ababa sadzavina, amayi sadzaikidwa, mchere sudzalowa m'kamwa mwawo, ndipo pofika Pasaka tidzakhala tikukumba manda enieni. Vumbwe wina ndikanamupeza kuti? Ameneyu tinamudikira miyezi khumi ndi umodzi.

Ndinachizula chonse, n'kuchikulunga m'jumbo, ulendo wa kumsika m'mvula momwemo. A Bashiru amapha mbuzi kuseri kwa msika, ndipo zikopa zawo amaziunjika m'kashedi kudikira ogula. Anatambasula changacho patebulo, ananunkhiza, anakoka ubweya pamsana, pakhosi, pamchira. Anati pamsana mpolimba, wosendayo anayesetsa, koma likafika mawa madzulo chidzakhala chidazi ngati bondo. Mankhwala ake ndi amodzi, mchere, ndipo lero lomwe.

Ndinawafotokozera za ababa, za makolo, za thukuta. Anamvetsera mwaulemu, akupukuta manja pa epuloni.

"Chemwali, ine za makolo anu sindingazitsutse," anatero. "Koma mvula iyi phulusa silingaithe. Mukapanda kuthira mchere, kakwirireni lero lomwe chisanakununkhitsireni nyumba."

Anandipatsa mchere wamiyala m'kajumbo, n'kundiuza kachitidwe kake. Ndipale phulusa lonse, ndisinje mcherewo pang'ono, ndipake paliponse mpaka m'makutu ndi m'kati mwa mchira, ndichipinde mnofu kumnofu, ndichiike popendekeka kuti madzi akhe. Mawa lake ndikutumule, ndithire wina watsopano.

Pobwerera ndinaima kawiri panjira, kufuna kutaya kajumboko m'ngalande. Ndine mwana wa a Maxon, ndinakula ndikudziwa kuti chimenechi sachita. Koma ndinafika nako kunyumba, ndinatseka chitseko ngati wakuba, n'kupaka. Ndinapepesa kwa makolo amene sindikuwadziwa n'komwe maina, ndinapepesa kwa Mulungu poti mwina nayenso zinamukhudza, ndipo amayi ndinawakalipira mumtima kuti anandisiyira munthu wouma mutu chonchi.

Loweruka madzi ofiirira anali atakha, fungo litachepa. Mchere wa a Bashiru unali utatha, ndiye ulendo wachiwiri ndinathira wanga wa m'khitchini, paketi yonse. Lolemba mvumbi unaleka, kamphepo kanayamba, chikopa chinauma bwinobwino, ubweya uli gwa. Ndinachikutumula, ndinachipala ndi supuni, ndinachipukuta ndi kansalu konyowa, kenako ndinapaka phulusa pamwamba mpaka kambee konse kanabisika. Ndinachikhomeranso pachitseko m'mabowo omwe aja. Ndinadziuza kuti maso a ababa anafooka, sadzadziwa.

Lachiwiri ababa anawatulutsa m'chipatala. Sikuti anachira, koma anali atayamba kuzula diripi okha, ndipo dokotala anati kudya angathe kukadyera kunyumba ngati akufuna kudya. A Chancy anatisiya pa siteji n'kuthamangira ku ntchito. Ababa anali atapepuka moti powakweza masitepe a pakhonde ndinkamva nthiti zawo m'dzanja langa. Ndinati akagone kaye, anakana. Anakhala pampando n'kuti ndibweretse.

Ndinaimika chitsekocho patsogolo pawo. Anasisita ubweya wa m'mphepete, anaona pamene panathothoka. Anagogoda pakati ndi chala, chinalira ngati kang'oma. Anafunsa kuti chauma bwanji ndi mvula yonse ija, ine ndinati mphepo ya dzulo. Anandiyang'ana. Kenako ananyowetsa chala ndi malovu, anachipaka pachikopa pafupi ndi khutu, n'kuchiika palilime.

Anachotsa chala pamlomo n'kutembenukira kwa ine.

"Wathira ndani?"

"Ine, ababa."

Ndipo poti zinali zitaululika kale, zonse zimene ndinasunga miyezi khumi ndi umodzi zinatuluka. Ndinawauza kuti chinali chitayamba kuola, kuti ndinayesa phulusa lawolo katatu, kuti ngati makolo akwiye akwiyire ine. Ndinawauza kuti ndatopa kuphika chakudya chokataya, ndatopa kunenedwa pampopi, ndataya mayi mmodzi ndipo sindikufuna kuonerera bambo akudzipha ndi supuni m'nyumba mwanga. Sindinayankhulepo choncho kwa bambo anga chibadwire. Nditamaliza ndinadikira kuti achikankhire kumbali ngati cha ku Ndirande chija.

Iwo anangopakanso chala paphulusa paja, n'kumaliyang'ana.

"Phulusa pamwambapa anakuphunzitsa ndi amako?"

Ndinati ayi, palibe anandiphunzitsa.

"Ndi mmene ankachitira," anatero. "Chikopa chilichonse chimene ndinasenda nyengo ya mvula. Ndikangochoka, iye mchere. Ndikamabwera, wakutumula, wapaka phulusa, wakhala phee akusenda nandolo."

Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji. Anati ku Phalombe akayanika zikopa mbuzi zinkabwera kudzanyambita, ndipo tsiku lina akuvina pabwalo mbuzi ya eni ake inawatsatira kumbuyo mpaka gule kutha. Anayamba kuseka, kuseka kopanda mphamvu kosakanikirana ndi chifuwa. Cha njuzi chija, chimene ankanyadira kuti chakhala zaka makumi atatu chifukwa cha phulusa la makolo, chinali cha mchere kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Nanga bwanji simunawafunse?"

"Akanachita manyazi, n'kusiya. Zikopa zikanaola."

Kusekako sindinaone pamene kunasinthira. Ndinangoona mapewa akugwedezeka, chikhato chili pachikopa, misozi ikugwera paphulusa n'kumasiya timadontho takuda. Ku Manje sanalire. Pamene akuluakulu anabwera sanalire. Ndinagwada pambali pawo, osadziwa pogwira, chifukwa bambo anga sindinawagwirepo kupatula powanyamula.

"Oli," anatero, "Ida wafa."

"Eya, ababa."

"Umuimbire Chancy. Akadule nthochi yomwe ija Ida anabzala yekha, asakagule ya kumsika." Anapukuta kumaso ndi mkono wa shati. Anati chikopacho ndichizule, ndiwapatse, ayambe kuchifikisa pang'onopang'ono pabondo, mwina pofika Loweruka chikhala chitafewa. Kuvina kwenikweni sangathe, koma a Chancy akawagwira mbali ina, ine mbali ina, mapazi okha aponda.

Ndinazula timisomali n'kuwaika chikopacho pamiyendo. Ndili pakhomo la khitchini anandiitananso, osadzutsa mutu, n'kufunsa kuti ndiwo zilipo zanji. Ndinati mpiru ndi mazira awiri.

"Uthire," anatero. "Koma pang'ono. Amako dzanja linali lolemera."

Ndinayatsa mbaula, ndinadula mpiru, ndinatsegula kabotolo ka mchere. Munalibe ngakhale kambewu kamodzi, wonse unali utathera pachikopa. Ndinatenga kapu n'kupita kwa a Hawkins. Akazi awo anatuluka akupukuta manja, n'kundifunsa kuti madala ali bwanji ndipo ndikufuna chiyani. Ndinawaonetsa kapu ija n'kuti madala apempha ndiwo za mchere, iwo anangotenga kapuyo n'kulowa nayo m'nyumba.